Kuchulukitsa ndi kugawa nambala zathunthu: chifukwa chake njira zimene timaloweza zimagwira ntchito

Mwana akafika pa msinkhu wophunzira kuchulukitsa, chinthu choyamba chimene amapatsidwa nthawi zambiri ndi matebulo oti aloweze, ndipo kalasi yonse imawaimbira pamodzi mpaka atakhazikika m'mutu. Kuloweza kumeneku n'kofunika, chifukwa munthu wodziwa msanga kuti 7 × 8 ndi 56 amagwira ntchito ya masamu mopepuka kusiyana ndi amene ayenera kuyamba wawerenga zala. Vuto limabwera pamene kulowezako kwakhala phunziro lonse, moti mwana akaiwala mzere umodzi wa tebulo kapena sitepe imodzi ya samu yaitali yogawa, amasowa pogwira, popeza sanauzidwe kumene mayankhowo amachokera. Komatu kuchulukitsa ndi kugawa kwatsamira pa mfundo zochepa kwambiri, ndipo amene wazimvetsa angathe kupezanso yekha chilichonse chimene waiwala.

Kuchulukitsa ndi njira yachidule yowerengera zinthu zimene zaikidwa m'magulu ofanana kukula. Thireyi ya mazira imakhala ndi mizere 5, ndipo mzere uliwonse umakhala ndi mazira 6. M'malo mowerenga dzira limodzilimodzi, kapena kuphatikiza 6 + 6 + 6 + 6 + 6, timanena kuti 5 × 6 = 30. Wogulitsa amene ali ndi mathireyi 7 odzaza sawerenganso mazira, amangowerenga mathireyi n'kudziwa kuti ali ndi mazira 210. Chofunika kuchigwiritsitsa apa n'chakuti maguluwo ayenera kukhala ofanana. Ngati thireyi ina ili ndi mazira 30, ina 22, inanso 17, kuchulukitsa sikungathandize, ndipo munthu ayenera kubwerera ku kuphatikiza. Chinanso n'chakuti nambala ziwiri zimene zikuchulukitsidwazo zili ndi ntchito zosiyana: ina ikuwerenga magulu, inayo ikuwerenga zimene zili m'gulu limodzi. Pophatikiza sizikhala choncho, chifukwa kumeneko timaphatikiza mazira ndi mazira anzake, kapena ndalama ndi ndalama zinzake.

Popeza nambala ziwirizo zili ndi ntchito zosiyana, munthu woganiza bwino ayenera kudabwa akamva kuti kuzisinthanitsa sikusintha yankho. Matumba 3 a chimanga olemera makilogalamu 50 lililonse ndi katundu wooneka mosiyana kwambiri ndi timatumba 50 tolemera makilogalamu 3 kalikonse, komabe pa sikelo zonse zimakwana makilogalamu 150. Chifukwa chake chimaoneka bwino zinthu zikandandalikidwa m'mizere. Bawo lili ndi mizere 4 ya maenje 8. Amene wakhala pamalo osewerera amaona mizere 4 yaitali, koma amene waima kumapeto kwa bawolo amaona mizere 8 yaifupi ya maenje 4, ndipo onse awiri akuyang'ana maenje 32 omwewo. Palibe dzenje limene lawonjezeka kapena kuchoka chifukwa choti woyang'ana wasintha malo. Umenewu ndi umboni wokwanira wakuti 4 × 8 ndi 8 × 4 n'chimodzimodzi, ndipo umagwira ntchito pa nambala zina zilizonse zathunthu.

Mfundo imeneyi imachepetsa kwambiri ntchito yoloweza, ngakhale kuti ana ambiri sauzidwa. Matebulo a 1 mpaka 10 ali ndi mayankho 100, koma tikachotsa obwerezedwa, monga 6 × 7 ndi 7 × 6, amatsala 55. Tebulo la 1 ndi la 10 sasowa kuloweza, choncho pamatsala 36. Tebulo la 2 ndi kuphatikiza nambala ndi inzake yofanana nayo, ndipo la 5 limathera pa 5 kapena 0 nthawi zonse. Tikachotsa amenewa pamatsala 21. Tebulo la 9 nalo lili ndi chizindikiro chake, chakuti manambala a yankho akaphatikizidwa amapereka 9, monga 18, 27, 36 ndi 45, ndipo tikalichotsa timatsala ndi mayankho 15 okha ofuna khama lenileni. Mwana amene wauzidwa kuti mtunda wovuta ndi wa mayankho 15 amayamba ntchitoyo ndi mtima wosiyana ndi amene akuganiza kuti akuyenera kusenza 100.

Mfundo yachiwiri ndi imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse, chifukwa samu iliyonse yaitali yochulukitsa yamangidwa pa iyo. Mfundoyi ndi yakuti nambala ingathe kuphwanyidwa m'zigawo, chigawo chilichonse n'kuchulukitsidwa pachokha, kenako mayankhowo n'kuphatikizidwa. Amene waiwala 7 × 8 angathe kuphwanya 8 kukhala 5 ndi 3, n'kupeza 7 × 5 = 35 ndi 7 × 3 = 21, zimene pamodzi zikupereka 56. Zimagwiranso ntchito pochotsera. Mayi wogulitsa pamsika amene wagulitsa milu 18 ya tomato pa mtengo wa K250 mulu umodzi sachita kulemba pansi: amadziwa kuti milu 20 ikanabweretsa K5,000, amachotsapo K500 ya milu iwiri imene sinakwane, n'kupeza K4,500. Mayiyu akugwiritsa ntchito lamulo lomwelo limene mwana wake akuvutika nalo m'kope, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti kawirikawiri mwanayo saona ubale wa zimene amayi ake amachita m'mutu ndi zimene aphunzitsi amalemba pabolodi.

Tiyeni tione samu ya 23 × 14 monga imalembedwera kusukulu. Mwana amauzidwa kuti ayambe ndi 4, apeze 92, kenako atsike mzere wachiwiri, alembe ziro kumapeto, achulukitse ndi 1, apeze 230, ndipo pomaliza aphatikize kuti apeze 322. Zimene zachitika apa n'zakuti 14 waphwanyidwa kukhala 10 ndi 4. Mzere woyamba ndi 23 × 4, wachiwiri ndi 23 × 10. Ziro amene amalembedwa kumapeto kwa mzere wachiwiri si mwambo wopanda tanthauzo, koma chikumbutso chakuti 1 wa mu 14 akuimira khumi. Mwana amene sadziwa zimenezi amaiwala ziroyo mosavuta, n'kuphatikiza 92 ndi 23, n'kupeza 115, ndipo saona cholakwika chilichonse. Akanakhala kuti anazolowera kuyerekeza yankho asanayambe, akanaona kuti 20 × 10 pakokha ndi 200 kale, choncho yankho la 23 × 14 silingachepere pamenepo.

Kusunga nambala pochulukitsa kumafotokozedwanso ndi malo amene nambala yakhala, kaya pa mawani, pa mateni kapena pa mahandiredi. Mu 47 × 6, timayamba ndi 7 × 6 = 42, amene ndi mateni 4 ndi mawani 2. Timalemba 2 pamalo a mawani n'kusunga mateni 4. Kenako mateni 4 a mu 47 timawachulukitsa ndi 6 n'kupeza mateni 24, ndipo pamenepo m'pamene timawonjezera mateni 4 tinasunga aja, kukhala mateni 28. Yankho ndi 282. Ana ambiri amalakwitsa powonjezera 4 wosungidwayo asanachulukitse, n'kupanga 8 × 6, ndipo amapeza 482. Cholakwika chake n'chakuti mateni 4 osungidwawo anachulukitsidwa kale ndi 6, popeza anachokera mu 42, ndiye kuwachulukitsanso ndi kuwawerenga kasanu ndi kamodzi m'malo mwa kamodzi kokha. Mphunzitsi akangolemba mtanda wofiira pa 482 osafufuza kumene mwanayo wapatukira, cholakwikacho chimabwereranso mawa lake.

Njira yolemba m'mizere imeneyi si yokhayo imene anthu akhala akugwiritsa ntchito, ndipo si yakale kuposa zonse. Alembi a ku Egypt wakale ankachulukitsa popanda matebulo athu ano, pongowirikiza kawiri mobwerezabwereza. Njira yawo timaidziwa kuchokera pa gumbwa wotchedwa Rhind, amene mlembi wina dzina lake Ahmes anakopera cha m'ma 1550 Khristu asanabadwe kuchokera m'zolemba zakale kuposa pamenepo. Gumbwayu anagulidwa ndi Alexander Henry Rhind ku Luxor mu 1858, ndipo gawo lake lalikulu likusungidwa ku British Museum mumzinda wa London. Pofuna kupeza 13 × 24, mlembi ankalemba 24 kamodzi, kenako kawiri kukhala 48, kanayi kukhala 96, kasanu ndi katatu kukhala 192. Apa ankaima, chifukwa kuwirikizanso kukanafika pa 16, amene waposa 13. Ndiye ankaona kuti 13 ndi 8 + 4 + 1, n'kuphatikiza 192, 96 ndi 24, n'kupeza 312. Njirayi imatheka pa nambala iliyonse yathunthu chifukwa nambala iliyonse ingathe kupangidwa pophatikiza zina mwa 1, 2, 4, 8, 16 ndi zotsatira zake, iliyonse kamodzi kokha. Makompyuta ndi mafoni a masiku ano, amene amasunga nambala pogwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi, amatsamira pa mfundo yomweyi. Onani kuti mlembi wa ku Egypt nayenso ankaphwanya nambala m'zigawo monga timachitira ife. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankaphwanya 13 kukhala 8, 4 ndi 1, pamene ife timamuphwanya kukhala 10 ndi 3.

Chimene chinapangitsa kuti njira yathu yolemba m'mizere itheke ndi kalembedwe ka nambala kochokera ku India, kamene kali ndi zizindikiro khumi zokha, kuphatikizapo ziro, ndipo chizindikiro chilichonse chimapeza kukula kwake malinga ndi malo amene chakhala. Amene akukayika za phindu la kalembedweka ayese kuchulukitsa XXIII ndi XIV m'manambala a Chiroma osawasintha. Katswiri wa ku India Brahmagupta analemba malamulo owerengetsera ndi ziro mu 628. Ku Baghdad, al-Khwarizmi anafotokoza kawerengedwe ka Amwenyeka cha m'ma 825, ndipo Leonardo wa ku Pisa, amene ambiri amamudziwa kuti Fibonacci, anakafalitsa pakati pa amalonda a ku Ulaya kudzera m'buku lake la mu 1202, ataphunzira kawerengedweka ali mnyamata kumpoto kwa Africa. Zizindikiro zimene timalemba lero zinabwera mochedwa: × anafalitsidwa ndi William Oughtred wa ku England mu 1631, ndipo ÷ anagwiritsidwa ntchito monga chizindikiro chogawira ndi Johann Rahn wa ku Switzerland mu 1659.

Kugawa n'kovuta kuposa kuchulukitsa, ndipo chifukwa choyamba n'chakuti samu imodzi yogawa imayankha mafunso awiri osiyana. Funso loyamba ndi ili: pali mango 60 ndi ana 5, ndiye aliyense alandira angati akagawana mofanana? Funso lachiwiri ndi ili: pali mango 60 ndipo akuikidwa m'milu ya mango 5, ndiye pakhala milu ingati? Onse awiri amalembedwa 60 ÷ 5 ndipo yankho ndi 12, koma zochitika zake n'zosiyana. Pa funso loyamba tikudziwa chiwerengero cha magulu ndipo tikufuna kukula kwa gulu limodzi, choncho timapereka bango limodzilimodzi mozungulira mpaka atatha. Pa funso lachiwiri tikudziwa kukula kwa gulu ndipo tikufuna chiwerengero cha magulu, choncho timachotsa asanuasanu n'kumawerenga kuti tachotsa kangati. Mafunso awiriwa akuchokera pa ntchito ziwiri zija za nambala zochulukitsidwa: ngati magulu kuchulukitsa ndi kukula kwa gulu kumapereka zonse pamodzi, ndiye kuti chosadziwikacho chingakhale chimodzi mwa ziwirizo.

Ana ambiri amakumana ndi funso loyamba lokha, la kugawana, chifukwa ndi limene amalidziwa kuchokera kunyumba. Koma samu yaitali yogawa, makamaka pamene nambala yogawira ndi yaikulu, imayenda ndi funso lachiwiri, lakuti nambala iyi ilowa kangati mu iyo. Palibe amene angapeze 1,472 ÷ 32 mosavuta poganizira anthu 32 akulandira chinthu chimodzichimodzi mozungulira. N'kosavuta kufunsa kuti magulu a 32 angatuluke angati mu 1,472. Magulu 10 ndi 320, magulu 40 ndi 1,280, ndipo tikachotsa amenewa pamatsala 192, amene ndi magulu 6 a 32. Pamodzi ndi magulu 46. Ndikukhulupirira kuti mwana amene sanapatsidwe mwayi wochita funso lachiwiri ndi manja ake, pogwiritsa ntchito timiyala, nthanga kapena zitsekerero za mabotolo, amafika pa samu yaitali yogawa ali ndi theka lokha la zimene akufunika kudziwa.

Mulimonsemo, kugawa ndi kuchulukitsa kobwerera m'mbuyo. Kufunsa 60 ÷ 5 ndi kufunsa kuti ndi nambala iti imene ikachulukitsidwa ndi 5 ipereka 60. N'chifukwa chake palibe matebulo apadera ogawira, ndipo yankho lililonse la kugawa lingathe kutsimikizidwa pochulukitsa. Koma ufulu wosinthanitsa nambala uja kuno kulibe. Kugawa mango 60 kwa ana 5 si chimodzimodzi ndi kugawa mango 5 kwa ana 60.

Chifukwa chachiwiri chimene kugawa kumavutira n'chakuti sikutha bwinobwino nthawi zonse. Nambala zathunthu ziwiri zikachulukitsidwa zimapereka nambala yathunthu, koma 17 ÷ 5 alibe yankho lathunthu: 5 amalowa katatu n'kutsala 2. Lamulo lake ndi lakuti nambala yogawidwa imafanana ndi yogawira kuchulukitsa ndi yankho, kuphatikizapo zotsala, monga 17 = 5 × 3 + 2, ndipo zotsalazo ziyenera kuchepera nambala yogawira. Zotsala zikafanana ndi yogawira kapena kuiposa, ndiye kuti gulu lina likanatha kutulukamo ndipo kugawako sikunathe.

Zoyenera kuchita ndi zotsala sizinenedwa ndi samuyo, koma ndi nkhani imene samuyo yachokera, ndipo pano m'pamene ophunzira ambiri odziwa bwino masitepe amagwera pa mayeso. Taganizirani 130 ÷ 30, imene yankho lake ndi 4 kutsala 10. Ngati ophunzira 130 akupita paulendo ndipo basi iliyonse imanyamula anthu 30, mabasi ofunika ndi 5, chifukwa ana 10 otsalawo sangasiyidwe pasukulu. Ngati ndi mazira 130 oti aikidwe m'mathireyi a mazira 30 kuti agulitsidwe odzaza, mathireyi ogulitsika ndi 4, ndipo mazira 10 adikira a mawa. Samu ndi imodzi, koma yankho lakwera pa funso loyamba ndipo latsika pa lachiwiri. Nthawi zina zotsalazo zimagawikanso: makilogalamu 130 a ufa akagawidwa kwa mabanja 4, lililonse limalandira makilogalamu 32 n'kutsala 2, ndipo awiriwo angathe kugawidwa kuti banja lililonse lilandire makilogalamu 32 ndi theka. Ndipo nthawi zina zotsalazo ndiye yankho lenilenilo. Ngati lero ndi Lolemba ndipo ngongole iyenera kubwezedwa pakatha masiku 100, timagawa 100 ndi 7 n'kupeza masabata 14 kutsala masiku 2. Masabata 14 athunthuwo amatibweza pa Lolemba pomwepo, ndipo masiku awiri otsalawo ndi amene akutiuza kuti tsikulo lidzakhala Lachitatu. Foni ikafunsidwa 130 ÷ 30 imangoonetsa 4.333 ndi ma 3 ena ambiri, ndipo singanene ngati tikufunika mabasi 4 kapena 5. Chiweruzo chimenecho chimatsalira munthu.

Samu yaitali yogawa imamveka bwino ikaganiziridwa monga kugawana ndalama kofuna kusintha. Tinene kuti anthu 4 akugawana K948, imene ili m'ndalama zapepala 9 za K100, zachitsulo 4 za K10 ndi zachitsulo 8 za K1. Amayamba ndi zikuluzikulu: aliyense atenga ma K100 awiri, ndipo K100 imodzi itsala. Imeneyi singagawike ili choncho, ndiye isinthidwa kukhala ma K10 khumi, amene pamodzi ndi 4 analipo kale akwana 14. Aliyense atenga atatu ndipo awiri atsala. Awiriwo asinthidwa kukhala ma K1 okwana 20, pamodzi ndi 8 aja akhala 28, ndipo aliyense atenga 7. Munthu aliyense walandira K237, ndipo 237 × 4 akutibwezera pa 948. Chimene kusukulu amachitcha kutsitsa nambala ndi kusintha kumeneku: 1 wotsala pa mahandiredi akakhala pafupi ndi 4 wotsitsidwa n'kuwerengedwa 14, ndi chifukwa chakuti handiredi imodzi yasanduka mateni 10. Apa tikuonanso chifukwa chake kugawa kumayambira kumanzere pamene kuphatikiza, kuchotsera ndi kuchulukitsa kolemba kumayambira kumanja. Pochulukitsa, zochuluka zimasefukira m'mwamba, kuchoka pa mawani kupita pa mateni, choncho n'kwanzeru kuyambira pansi. Pogawa, zotsala zimatsikira m'munsi, kuchoka pa mahandiredi kupita pa mateni, choncho timayambira pamwamba.

Cholakwika chofala kwambiri pa samu yaitali yogawa ndi kudumpha ziro wa pakati pa yankho. Mu 824 ÷ 4, mahandiredi 8 amapereka 2. Mateni 2 sakwanira anthu 4, choncho pamalo a mateni payenera kulembedwa 0, ndipo mateni awiriwo asinthidwe kukhala mawani 20, amene pamodzi ndi 4 apanga 24, n'kupereka 6. Yankho ndi 206. Mwana amene amangonena kuti 4 salowa mu 2, n'kupitirira osalemba kanthu, amapeza 26. Kuyerekeza kokha kukanamupulumutsa, popeza 800 akagawidwa panayi amapereka 200, ndipo kutsimikiza pochulukitsa kukanamuonetsa kuti 26 × 4 ndi 104 basi.

Ziro ali ndi nkhani yakeyake pa kugawa. Kuchulukitsa ndi ziro sikuvuta: magulu 5 opanda kanthu, kapena kusakhala ndi gulu lililonse la zinthu 5, zonse zimapereka 0. Nayonso 0 ÷ 5 ndi 0, chifukwa anthu asanu akagawana zimene palibe, aliyense salandira kanthu. Koma 5 ÷ 0 alibe yankho, ndipo si chifukwa chakuti akatswiri analetsa mwa kufuna kwawo. Funso lake ndi lakuti ndi nambala iti imene ikachulukitsidwa ndi 0 ipereka 5, ndipo nambala yotero palibe, popeza chilichonse chochulukitsidwa ndi 0 chimapereka 0. Pa 0 ÷ 0 vuto limatembenuka: nambala iliyonse imakwanira, kaya 1, kaya 7, kaya 1,000, choncho palibe imodzi imene tinganene kuti ndiyo yankho. Nkhaniyi inavutitsa ngakhale anthu anzeru zakuya. Brahmagupta mwiniwake, amene anakonza bwino malamulo ena a ziro, analemba kuti ziro kugawa ndi ziro ndi ziro, ndipo akatswiri a pambuyo pake sanagwirizane naye. Choncho mwana akafunsa chifukwa chake sitigawa ndi ziro, wafunsa funso labwino loyenera yankho lomveka, osati kungouzidwa kuti n'zosaloledwa.

Pali zizindikiro zothandiza kudziwa ngati nambala igawike popanda zotsala tisanayambe n'komwe kugawa. Nambala yothera pa 0, 2, 4, 6 kapena 8 imagawika ndi 2. Yothera pa 0 kapena 5 imagawika ndi 5. Izi zili choncho chifukwa mateni, mahandiredi ndi masauzande onse amagawika kale ndi 2 komanso ndi 5, ndiye chotsala kuchiyang'ana ndi mawani okha. Chizindikiro cha 3 ndi 9 n'chosangalatsa kwambiri: timaphatikiza manambala onse opanga nambalayo, ndipo ngati zotsatira zake zikugawika ndi 9, nambala yonseyo imagawikanso ndi 9, ndipo ndi chimodzimodzi pa 3. Chifukwa chake n'chakuti 10 ndi 9 + 1, 100 ndi 99 + 1, ndipo 1,000 ndi 999 + 1. Choncho 738 ndi 7 × 99, kuphatikiza 3 × 9, kuphatikizanso 7 + 3 + 8. Zigawo ziwiri zoyambazo zimagawika ndi 9 mosakayikitsa, ndipo chotsala ndi 18, amene nayenso amagawika ndi 9. Zoonadi, 738 ndi 9 × 82.

Pa mfundo yomweyi panachokera njira yakale yotsimikizira samu yochulukitsa. Mu 23 × 14 = 322, manambala a 23 akaphatikizidwa amapereka 5, a 14 amaperekanso 5, ndipo 5 × 5 ndi 25, amene manambala ake amapereka 7. Manambala a yankho, 3 + 2 + 2, nawonso akupereka 7. Zikanasiyana, tikanadziwa motsimikiza kuti penapake palakwika. Koma zikafanana si umboni wathunthu wakuti yankho n'lolondola, chifukwa 232, amene wangosinthanitsa manambala, amapambananso mayeso amenewa. Njirayi imagwira zolakwika zambiri koma osati zonse, ndipo iyenera kuyendera limodzi ndi kuyerekeza kukula kwa yankho.

Kugawa kokhala ndi zotsala kuli ndi ntchito ina yozama imene inalembedwa ndi katswiri wa masamu Euclid mumzinda wa Alexandria ku Egypt cha m'ma 300 Khristu asanabadwe, yopezera nambala yaikulu kwambiri imene ingagawe nambala ziwiri popanda zotsala. Tinene kuti sukulu yalandira makope 84 ndi zolembera 60, ndipo ikufuna kupanga mitolo yofanana yochuluka monga kungathekere, popanda chotsala. Timagawa 84 ndi 60 n'kutsala 24. Kenako timagawa 60 ndi 24 n'kutsala 12. Pomaliza timagawa 24 ndi 12 ndipo sipatsala kanthu, choncho yankho ndi 12: mitolo 12, uliwonse wa makope 7 ndi zolembera 5. Njirayi imagwira ntchito chifukwa nambala iliyonse imene imagawa 84 ndi 60 iyeneranso kugawa kusiyana kwawo, amene ndi 24, ndipo iliyonse yogawa 60 ndi 24 iyeneranso kugawa 12 wotsala pamene 24 wachotsedwa kawiri mu 60. Pa sitepe iliyonse nambala zimachepa koma zozigawa zimakhala zomwezo, ndipo popeza zotsala zimachepera nambala yogawira nthawi zonse, kugawako kuyenera kufika pa ziro ngakhale nambala zoyambira zitakhala za mamiliyoni.